Khansa ikafika mu ubongo, tisamangowerenga masiku

Kwa zaka makumi angapo, Mmalawi wodwala khansa yofunika radiotherapy, yomwe ambiri amangoti kuwotcha, ankayenera kutuluka m'dziko muno. Ena ankapita ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, ena ku Ocean Road ku Dar es Salaam, ena ku India pa ndalama za boma dzina lawo likafikiridwa pa mndandanda. Bungwe la MSF lidafika potumiza amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero ku Nairobi. Koma ambiri sankapita kulikonse. Ankabwerera kumudzi ndi buku la kuchipatala m'manja ndi mankhwala opha ululu m'kapepala. Zinthu zidasintha mu Malichi 2024 pomwe chipatala cha International Blantyre Cancer Centre, chomwe si cha boma, chidatsegulidwa. Kenako mu Julaye 2025 a Lazarus Chakwera, omwe anali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, adatsegulira chipatala cha khansa cha boma pa Kamuzu Central ku Lilongwe, ntchito yomwe bungwe la IAEA lidaikapo dzanja kudzera mu ndondomeko yake ya Rays of Hope.

Tidasangalala, ndipo kudali koyenera. Koma makina akafika, mafunso amasintha. Kale tinkafunsa kuti wodwala apite kuti. Lero tiyenera kufunsa kuti makinawa tiwagwiritsa ntchito motani, nanga pa yani. Ine ndikufuna ndilowe pa kangodya kamodzi ka funsoli komwe sikamveka pa wailesi: munthu yemwe khansa yake yafalikira mu ubongo, madokotala n'kumuchita opaleshoni yochotsa chotupacho. Akatero, chotsatira n'chiyani? Wina anena kuti mwana wa sukulu wophunzira mbiri ndi zilankhulo ngati ine akulowerera za eni. Ndikukana. Mukaitsata bwino nkhaniyi mupeza kuti madokotala eniakewo akhala akutsutsana kwa zaka zambiri pa chinthu chomwe tonse timachidziwa: chimene chimatsala mwa munthu akamaliza kulandira chithandizo. Kodi akumbukira? Kodi atha kutsata nkhani pabwalo? Kodi mwana wake akabwera kuchokera ku Joni amuzindikira?

Tiyambe ndi matendawo. Khansa yoyambira m'bere, m'mapapo, mu impso, m'matumbo kapena pakhungu imatha kutaya timaselo take m'magazi, ndipo tina timakakhazikika mu ubongo n'kuyamba kukula. Chotupa choterocho si matenda atsopano ayi. Ngati idayambira m'bere, ndi khansa ya m'bere yomweyo, yangosamukira kumutu. Tsono chigaza sichitamuka. Chotupa cha m'mimba chimapeza pokulira, koma cha m'mutu, ngakhale chikhale chaching'ono ngati dzira la nkhunda, chimapanikiza ubongo, ndipo mbali zozungulira zimatupa. Apo ndi pomwe pamabwera mutu wosamva panado, wovuta kwambiri m'mamawa, kusanza, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi kulefuka, mawu kusokonekera, munthu wamkulu yemwe sadagwepo chibadwire kuyamba kugwa ngati wakhunyu, kapena kungosintha khalidwe basi.

Kwathu ku Chia chilichonse mwa zizindikirozi chili ndi dzina lake kale. Dzanja likalefuka timati sitiroko. Mutu ukakanika timati ndi mutu waukulu, tikatemere mphini. Mayi wofatsa akayamba kutukwana apongozi ake timati wapenga, ndipo sipatenga nthawi kuti chala chiloze gogo wina wa kuseri kwa mudzi kapena mnzake wopikisana naye pa malonda a nsomba pa mlatho. Sindikunyoza anthu akwathu. Munthu amafotokoza zomwe waona ndi mawu omwe ali nawo. Koma miyezi imatha tikuzungulira kwa asing'anga ndi ku mapemphero a usiku, chotupa chikukula. Ndipo ife a kunyanja tili ndi ngozi ina yapadera: khunyu likamugwira msodzi ali m'bwato pakati pa Chia, kapena mayi ali pa ng'anjo yowambira nsomba, nkhani imathera pomwepo. Uthenga umene ndikadakonda alangizi a zaumoyo atamaunena m'midzi ndi waufupi: aliyense amene adadwalapo khansa, ngakhale adauzidwa kuti adachira, akayamba mutu wachilendo kapena kugwa, abwerere kuchipatala sabata yomweyo, buku lake lakale lili m'manja.

Opaleshoni imathandiza pamene chotupa chili chimodzi, chachikulu, pamalo ofikirika, ndipo wodwalayo akadali ndi mphamvu. Izi zidaonekera poyera mu 1990, pomwe dokotala Roy Patchell ndi anzake a ku Kentucky m'dziko la America adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa odwala 48. Mwa omwe adachitidwa opaleshoni kenako n'kulandira radiotherapy, theka adafika masabata 40 ali moyo. Mwa omwe adalandira radiotherapy yokha, theka anali atamwalira pofika masabata 15. Koma mpeni suona zonse. Aliyense amene adalimapo dimba lomera kapinga akudziwa kuti ungazule motani, kamuzu kamodzi kotsalira kadzadzaza malo onse chinyezi chikabwera. Ku MD Anderson mu mzinda wa Houston, kafukufuku yemwe adatsogolera ndi dokotala Anita Mahajan adasonyeza mu 2017 kuti mwa odwala omwe chotupa chidachotsedwa chonse koma osalandiranso china, 43 okha pa 100 alionse ndi omwe adatha chaka chotupacho chisadameretso pamalo pomwepo. Mwa omwe adawalitsidwa cheza pa dzenje lotsala chotupa chitachoka, chiwerengerocho chidakwera kufika pa 72. Ndiye kuti opaleshoni yokha ndi theka la ntchito.

Pali njira ziwiri zomalizira ntchitoyo. Yakale ndi yowalitsa cheza champhamvu pa ubongo wonse, kawirikawiri maulendo 10, Lolemba mpaka Lachisanu kwa masabata awiri. Nzeru yake ndi yomveka: ngati mbewu za khansa zamwazika, ipha zooneka ndi zosaoneka zomwe. Ndi yosavuta kukonza, ndipo ngakhale makina akale a cobalt amaitha. Mtengo wake amalipira ndi wodwala. Tsitsi limathothoka, thupi limatopa kwa masabata ambiri, ndipo cheza chimadutsanso pa kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus, komwe kamathandiza munthu kusunga zinthu zatsopano m'mutu. Pakapita miyezi, ambiri amayamba kuiwala zomwe auzidwa m'mawa womwewo.

Njira inayo ndi yolunjika, yomwe madokotala amaitcha stereotactic radiosurgery, ngakhale kuti mulibe mpeni m'menemo. Adaiganiza ndi dokotala wa ku Sweden, Lars Leksell, mu 1951, ndipo makina ake oyamba otchedwa Gamma Knife adayamba kugwira ntchito ku Stockholm mu 1968. M'malo mosefukira mutu wonse, cheza chimabwera pang'onopang'ono kuchokera mbali zambirimbiri, chonse n'kukumana pamalo amodzi. Taganizani za mjigo wa m'mudzi. Tinjira tambiri timachokera kunyumba zosiyanasiyana, ndipo pa kanjira kalikonse udzu umakhalapobe chifukwa odutsapo ndi ochepa. Koma pamjigo penipeni, pomwe mapazi onse amakumana, pamakhala mbee, popanda ngakhale kaudzu. Umu ndi momwe njirayi imagwirira ntchito: ubongo wabwino umalandira zochepa, dzenje la chotupa limalandira zonse. Ndipo zimatheka ulendo umodzi, kapena atatu, kapena asanu malo akakhala aakulu.

Kafukufuku amene adandichititsa kulemba nkhani ino adatuluka mu 2017 m'magazini ya Lancet Oncology, motsogozedwa ndi dokotala Paul Brown. Odwala 194 a ku America ndi Canada, onse ochitidwa opaleshoni, adagawidwa mwa maere: ena cheza cha ubongo wonse, ena cholunjika. Pa kutalika kwa moyo panalibe kusiyana kwenikweni, magulu onse awiri anali cha m'ma miyezi 12. Kusiyana kudaonekera atawayesa kaganizidwe ndi kakumbukiridwe patatha miyezi 6. Mwa omwe adalandira cheza cha ubongo wonse, 85 pa 100 alionse nzeru zawo zidali zitatsika. Mwa omwe adalandira cholunjika, anali 52. Tisanamizane, 52 si chiwerengero chochepa, matendawo paokha amadya nzeru. Ndiponso cheza cha ubongo wonse chidaposa chinzake poletsa zotupa zina kumera, kotero wolandira cholunjika amayenera kumajambulidwa ndi MRI pafupipafupi kuti chatsopano chikaoneka achithane nacho msanga. Komabe tamvetsani zomwe manambalawa akunena. Chaka ndi chimodzimodzi. Kusiyana kwagona pa yemwe akukhala m'chakacho.

Mwina ku Houston munthu woiwalaiwala ali ndi pogwira. Chuma chake chili ku banki, nyumba ili ndi mapepala, wilo ili kwa loya, manambala onse ali mu foni. Ku Chia mutu wa munthu ndiye kabati yosungira zonse. Malire a munda wa mpunga sali pa mapu, ali m'mutu mwa azakhali omwe adaona agogo akuloza chulu ndi mtengo wa mango uja. Yemwe adabwereka ukonde, yemwe adatenga nsomba pa ngongole kuti adzalipira akagulitsa chinangwa, ndalama yomwe idalowa ku banki m'khonde, mwana yemwe adalonjezedwa mbuzi ya fizi, chifukwa chomwe banja lakuti sitikwatirana nalo: zonsezi sizidalembedwe paliponse. Miyezi yomaliza ya kholo ndi nthawi yomwe zinthu izi zimatulidwa kwa otsala. Kholo likataya nzeru thupi likadali moyo, katunduyo amagwera pansi, ndipo otola amakhala amphamvu, osati oyenera. Milandu ingati ya malo yomwe imafika kwa amfumu imayamba ndi mawu oti malemu adandiuza ine, popanda wina wotsimikiza?

Ndidakula ndikuona mayi wina woyandikana nafe yemwe ankagulitsa chambo pa mlatho wa Chia, mmodzi mwa omwe amathamangira galimoto ikangoima pa msewu wa M5. Sukulu adalekezera sitandade 3, koma ankasunga m'mutu ngongole za anthu oposa makumi awiri, asodzi, madalaivala a minibasi, aphunzitsi odikira malipiro, osaphonya ngakhale K50. Adachotsedwa bere, n'kukhala bwino zaka ziwiri. Kenako mutu udayamba, mawu n'kumasowa. Atamujambula mu mzinda adauza abale kuti matenda afika kumutu, abwerere naye kunyumba. Nthawi imeneyo makina kunalibe m'dziko muno. Adakhala miyezi ingapo, koma mayi wowerengera uja adapita kale maliro asadachitike. Ana ake aakazi ankamufunsa, "Amayi, ndalama zija zili kwa ndani?" Iye n'kumangomwetulira. Mwa omwe anali ndi ngongole, awiri okha ndi omwe adabwera okha kudzabweza. Iyeyu nzeru zake zidadyedwa ndi matenda, osati ndi chithandizo. Koma kuyambira pamenepo, ndikamva wina akunena za kuiwala ngati kavuto kakang'ono kobwera ndi mankhwala, ndimadziwa kuti sadakhalepo pa mphasa ndi munthu wotere.

Pali chifukwa chinanso, ndipo ichi ndi cha m'thumba. Munthu wa ku Chia akadwala amayambira pachipatala chaching'ono, kenako amapita kumpoto ku chipatala cha boma pa Nkhotakota, kuti akalandire kalata yomutumiza kummwera, kudutsanso pakwawo pomwe, mpaka ku Salima, n'kukhotera ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 170 kuchokera pa mlatho. Sapita yekha. Pamafunika gadiyani, ndipo gadiyaniyo amakhala mwana wamkazi kapena mchemwali yemwe wasiya munda, ana ndi geni yake. Maulendo 10 a cheza ndi masabata awiri mu mzinda, osawerengera masiku ojambula ndi kukonzekera. Ndi ufa, makala, ndiwo, sopo, ndi pogona. Ikakhala nyengo yomwe mpunga wacha, mbalame sizidikira kuti mwini munda abwere ku Lilongwe. Chithandizo cha tsiku limodzi kapena masiku atatu chimaoneka ngati cha anthu olemera chifukwa makina ake ndi amakono, koma amene chingamupepukire kwambiri ndi wosauka wochokera kutali. Wa ku Area 47 amagona kunyumba kwake n'kumabwera m'mawa uliwonse. Wa ku Chia tsiku lililonse limamudya.

Ndikudziwa chomwe anzanga ophunzira za udokotala andiyankhe, ndipo yankho lawo ndi lolemera. Dziko lino lili m'gulu la maiko omwe khansa ya khomo la chiberekero yafala kwambiri padziko lonse. Chiwerengero cha 2020 chidasonyeza amayi 4,145 opezeka nayo m'chaka chimodzi, ndipo 2,905 adamwalira. Ambiri mwa amayiwa radiotherapy ikhoza kuwachiritsa kwathunthu, n'kukhala zaka makumi ena akulera ana awo, pomwe wodwala khansa yofalikira mu ubongo nthawi zambiri tikukamba za miyezi. Onjezanipo khansa ya kummero yomwe yatha abambo ambiri, ndi ya m'mawere. Makina ndi ochepa, akatswiri ndi owerengeka. Ndiye wophunzira wa ndakatulo akubwera kudzapempha chithandizo chapamwamba cha anthu ochepa?

Pa mzere ndikuvomereza: amene angachire akhale patsogolo. Ndipo kwacha iliyonse yopita ku katemera wa HPV, yemwe adayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu Januwale 2019, ikugwira ntchito yoposa makina alionse. Sindikupempha kuti boma ligule Gamma Knife. Chomwe ndikunena n'choti makina amakono otchedwa linear accelerator, omwewo ochizira khansa ya chiberekero ndi ya m'mawere, m'maiko ambiri ndi omwenso amapereka cheza cholunjika cha mu ubongo. Chofunika kuwonjezera ndi zipangizo zogwira mutu kuti usasunthe, zithunzi zabwino za MRI, ndiponso, koposa zonse, anthu: madokotala a cheza ndi akatswiri a physics oyeza makinawo tsiku ndi tsiku, chifukwa pa njirayi kuphonya ndi mamilimita awiri ndi kuvulaza munthu. Wodwala womaliza ulendo umodzi amasiyanso mpata pa makina kwa amayi aja, ngakhale kuti kukonzekera kwake kumadya nthawi yambiri ya akatswiri. Luso limeneli silibwera mwadzidzidzi. Ngati silili mu mapulani a maphunziro lero, patha zaka khumi tikuwalitsa ubongo wonse wa aliyense chifukwa choti ndi zomwe tidazolowera.

Ndipo tisaiwale zomwe zidachitika ku Uganda. Mu 2016 makina okhawo a radiotherapy a dzikolo, pa chipatala cha Mulago ku Kampala, adawonongeka, ndipo ena adayamba kugwira ntchito mu Januwale 2018. Pakati pa nthawi imeneyi odwala ankauzidwa za ku Nairobi. Ife timadziwa kudula riboni. Kusunga ndalama yokonzera makina, ya jenereta magetsi akathima, ndi ya malipiro oti katswiri yemwe taphunzitsa asathawire ku Gaborone, pamenepo ndi pomwe mbiri yathu ili ndi zipsera.

Chinthu china sichifuna ndalama zambiri, chimafuna dongosolo. Opaleshoni ya ubongo imachitika m'dziko muno. Ku Queens ku Blantyre dokotala Patrick Kamalo ndi anzake akhala akuigwira kwa zaka zambiri, ndipo ku Lilongwe kuli chipatala cha LION, cha mafupa ndi ubongo, pa Kamuzu Central pomwepo pomwe palinso chipatala cha khansa. Cheza chotsatira opaleshoni chimafunika msanga. Mu kafukufuku wa ku Houston uja chinkaperekedwa masiku 30 asadathe. Tsono ganizirani wodwala yemwe watulutsidwa, bala likadali laliwisi, wauzidwa kuti mudzabwerenso, wakwera minibasi mpaka ku Chia, ndalama zonse zathera ulendo woyambawo. Adzabwera liti? Adzabwera mpunga ukagulitsidwa, ndipo pofika nthawiyo kapinga wameranso. Ine ndikuti wodwala wochokera kutali asatuluke m'chipatala tsiku lake la cheza lisadalembedwe m'buku, ndipo ngati masiku ake ndi oyandikana, apatsidwe pogona kuti amalize zonse ulendo umodzi. Dokotala wa mpeni ndi dokotala wa cheza akhale pansi limodzi opaleshoni isadachitike, osati wodwala azinyamula uthenga pakati pawo ngati mtumiki wa amfumu.

Tsopano ndinene mbali yomwe okonda makina sakonda kumva. Si wodwala aliyense amene cheza chingamuthandize. Mu 2016 kafukufuku wotchedwa QUARTZ, wa odwala 538 a ku Britain ndi Australia, adaona anthu omwe khansa ya m'mapapo idafika mu ubongo ndipo sakadatha kuchitidwa opaleshoni kapena kulandira cheza cholunjika. Theka adalandira cheza cha ubongo wonse pamodzi ndi mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa dexamethasone, theka adalandira mankhwalawo ndi chisamaliro chabwino basi. Magulu onse awiri adakhala pafupifupi masabata 9, ndipo kusiyana kwa moyo wabwino kudali kwa masiku osakwana asanu. Mantha anga ndi oti kubwera kwa makina kusanduke chifukwa chatsopano chogulitsira bwato ndi ukonde. Ife Amalawi sitifuna kuti anthu adzatinene kuti sitidayesetse. Banja lidzanyamula munthu wosatha kukhala tsonga, kumugoneka pa mipando ya minibasi, kuti akathere masabata ake omaliza pa khonde la chipatala pakati pa alendo. Kwa wodwala wotere chithandizo chenicheni ndi dexamethasone, morphine wamadzi, mankhwala oletsa kugwa, ndi kukhala kwawo akumva fungo la kondowole. Pa njira yomweyo ya ku Lilongwe, ku Salima, pali Ndi Moyo, malo osamalira odwala matenda osachiritsika omwe adayambitsa mayi Lucy Finch. Ntchito ngati imeneyo iyenera kufika pa chipatala chaching'ono chilichonse cha m'mbali mwa nyanja, ndipo isamaonedwe ngati ya anthu omwe madokotala awataya.

Ndiye pali odwala amitundu itatu pano: woyenera opaleshoni ndi cheza cholunjika, woyenera cheza cha ubongo wonse chifukwa zotupa zachuluka, ndi woyenera kupita kwawo. Wosankha ndani? Mwambo wathu ndi woti nkhani yoipa sauza wodwala. Dokotala amaitanira pambali amalume kapena mwana wamkulu, iwo n'kubwerera pabedi ndi mawu oti, "Akuti mupeza bwino, mayi, musadandaule." Ndikumvetsa chikondi chomwe chili m'bodza limeneli. Koma pa matenda a mu ubongo bodzali limaba chinthu chomwe sichibwezedwa, chifukwa nthawi yomwe munthu angamve, kuganiza ndi kusankha ndi yowerengeka. Mayi wa pa mlatho uja akadauzidwa mwezi woyamba, akadakhazika ana ake pansi n'kuwatchulira ngongole zonse, mmodzi akulemba. Ngati njira ina ikupatsa munthu mwayi wokulirapo wosunga nzeru koma ikufuna kuti azibwera kudzajambulidwa miyezi ingapo iliyonse, ndipo inayo ikuchepetsa zotupa zatsopano koma ikudya kukumbukira, woyenera kuyeza ziwirizi ndi mwini mutuwo. Amalume akhalepo, ana akhalepo, koma iye amve ndi makutu ake.

Kuti amve, pafunika mawu, ndipo apa ndi pomwe ife a zilankhulo tilibe pothawira. Liwu loti kuwotcha limaopsa. Uzani gogo wa ku Chia kuti ku Lilongwe akakuwotchani m'mutu, muone ngati akwere galimoto. Chonsecho pa makinawo palibe moto, munthu samva kutentha kapena kupweteka, amangogona phee kwa mphindi zingapo atavala chigoba chapulasitiki kumaso, makina akuzungulira. Ena amaopa kuti wolandira cheza amabwera nacho kunyumba n'kupatsira ana, zomwe si zoona pa cheza chochokera kunja kwa thupi: makina akazima, zatha. Ena amaganiza kuti tsitsi likathothoka ndiye kuti mankhwala akumupha. Mapepala ovomereza chithandizo akakhala m'Chingerezi, gadiyani amadinda chala pa chinthu chomwe sadamve, ndipo timatcha zimenezo chilolezo.

Ku Zomba kuli Centre for Language Studies, omwe adatipangira mtanthauziramawu wa chilankhulo chathu. M'mayunivesite athu muli ophunzira mazana omwe chaka chilichonse amasaka mitu ya kafukufuku womalizira digiri, ambiri n'kumabwereza zomwe anzawo adalemba kale. Bwanji ena a ife osakhala pansi ndi anamwino a ku chipatala cha khansa, ndi odwala omwe adutsamo, n'kupeza momwe tinganenere m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'Chitonga kusiyana kwa cheza cha mutu wonse ndi cha pamalo amodzi? Tikayese mawuwo pa mlatho wa Chia, kwa amayi ogulitsa nsomba, tione ngati atha kutibwezera zomwe tanena. Kenako tiwalembe pa pepala limodzi lokwana m'buku la kuchipatala, pamodzi ndi mafunso omwe gadiyani ayenera kufunsa asadachoke m'chipinda cha dokotala: zotupa zilipo zingati, opaleshoni ikatha cheza chiyamba tsiku liti, chikhala cha mutu wonse kapena cha pamalo, tikhala masiku angati mu mzinda, ndipo tikasankha kubwerera kwathu, morphine tizikatenga kuti.